Funsani Adokotala: Kodi wodwala khansa angapatsidwe mankhwala amene akadali pa kafukufuku?

FUNSO: Zikomo adokotala. Mayi anga akudwala khansa ya m'matumbo yomwe yafalikira ku chiwindi. Alandira mitundu iwiri ya kemo koma zotupa zikukulirabe. Ndamva kuti munthu angathe kupempha mankhwala amene sanavomerezedwe. Kodi n'zoona? Nanga timayambira pati? Ndine mwana wawo wamkazi.

YANKHO: Pepani ndi matenda a mayiwo. N'zoona, njirayo ilipo. Ku America imatchedwa expanded access, ku Ulaya amati compassionate use, ndipo kumeneko ili m'lamulo la European Union la 2004. Pamafunika zinthu zitatu: matenda akhale oika moyo pachiswe, mankhwala ovomerezeka akhale atalephera kapena kulibe, komanso wodwala akhale woti sangalowe m'kafukufuku wa mankhwalawo. Chachitatuchi ambiri amachilumpha. Yambani mwafunsa ngati pali kafukufuku amene angawalandire, chifukwa kumeneko wodwala amayang'aniridwa mosamala ndipo nthawi zambiri mankhwala oyesedwawo salipira.

Wopempha si inu, ndi dokotala wawo wa khansa. Iye amalembera kampani yopanga mankhwalawo, n'kufotokoza mtundu wa khansa, zimene mayi alandira kale ndi zotsatira za magazi. Apa ndiye pagona nkhani. Bungwe loyang'anira mankhwala ku America, lotchedwa FDA, limavomereza pafupifupi 99 mwa mapempho 100 aliwonse otere, koma palibe lamulo lokakamiza kampani kupereka mankhwala. Imatha kukana chifukwa inangopanga okwanira kafukufuku, kapena ikuopa kuti wodwala wofooka akamwalira, mbiri ya mankhwalawo iipa asanavomerezedwe. Ngakhale lamulo la Right to Try la 2018, lomwe limalola kupempha popanda kudzera ku FDA, silinasinthe zimenezi.

Kampani ikalola imapereka kalata. Ku America dokotala amadzaza fomu yopemphera chilolezo ku FDA yotchedwa Form 3926, komiti yoteteza anthu ochitidwa kafukufuku imaunika, wodwala n'kusaina kuti wamvetsa kuopsa kwake. Chithandizo chingayambe pakatha masiku 30 FDA italandira pempholo, kapena msanga FDA ikayankha; zikakhala zadzidzidzi chilolezo chimaperekedwa pafoni. M'mayiko ena malamulo ndi osiyana, ndipo mankhwala akamachokera kunja pamafunikanso chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la dzikolo. Ambiri obaya amayenera kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 8 ulendo wonse. Akatentha panjira, atayika.

Kwa mayi, chimene chingatsekereze kwambiri ndi chiwindi. Mankhwala ambiri amasungunulidwa ndi chiwindi kapena kutulutsidwa ndi impso, choncho bilirubin kapena creatinine (zimene amayeza m'magazi poona mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito) ikakwera, mlingo wabwinobwino ungasanduke poizoni. Amaonanso mphamvu za wodwala pa muyeso wa ECOG: 0 ndi munthu wogwira ntchito zake zonse, 3 ndi amene amakhala pabedi kapena pampando kuposa theka la nthawi imene ali maso. Wafika pa 3 kawirikawiri amakanidwa. Palinso milungu ingapo yodikira kuti kemo yakale ichoke m'thupi, ndipo khansa siidikira nawo. N'chifukwa chake timati nkhaniyi ikambidwe mayi akadali ndi mphamvu zoyenda okha.

Tisakubisireni: mwa mankhwala a khansa amene amayamba kuyesedwa pa anthu, amene amafika povomerezedwa sakwana amodzi mwa 10. Ndiye funsani gawo la kafukufuku limene mankhwalawo afika. Gawo loyamba limafufuza mlingo umene thupi lingapirire. Lachiwiri limaona ngati zotupa zikuchepa. Lachitatu limawayerekeza ndi mankhwala amene alipo kale. Ife timalimba mtima ndi a gawo lachitatu, makamaka ngati chotupa chayezedwa n'kupezeka ndi chizindikiro chimene mankhwalawo amalimbana nacho.

Za ndalama funsani msanga. Kampani ikhoza kupereka mankhwala ulele, koma sikani, kuyeza magazi ndi kugonekedwa zikavuta zimagwera banja, ndipo inshuwalansi nthawi zambiri siilipira. Wina akakulonjezani pa intaneti "mankhwala atsopano" n'kufuna ndalama popanda kulankhula ndi dokotala wa mayi, ameneyo ndi wakuba.

Musanasaine, gwirizanani ndi dokotala kuti sikani yoyamba idzachitika liti, ndiponso zizindikiro ziti zidzachititse kuti mankhwalawo asiyidwe. Zochepetsa ululu monga morphine zipitirire nthawi yonseyi, chifukwa kupempha mankhwala oyesedwa sikuletsa chithandizo chimenechi.