Laputopu ya makhadi awiri a zithunzi imayamba bwino kenako n'kumadukiza pa Linux

Funso: Ndinagula laputopu ya kaunjika yokhala ndi makhadi awiri a zithunzi, la Intel lomwe lili m'purosesa ndi la AMD Radeon la 2 GB, ndipo RAM yake ndi 8 GB ya kachidutswa kamodzi. Ndinaikamo Linux, ndipo masewera ndimawatsegula ndi DRI_PRIME=1 kuti ayende pa khadi la AMD. Poyamba zonse zimayenda bwino, koma pakapita mphindi zingapo chithunzi chimayamba kudukizadukiza. Mnzanga wandilangiza kuti ndikweze amdgpu.gttsize. Kodi ndichite zimenezo?

Yankho: Musakweze chilichonse, bambo. Vuto loyamba bwino n'kuipa pakapita mphindi ndaliona kambirimbiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse gwero lake limakhala lakuti memori ya khadi la AMD, yomwe timaitcha VRAM, yadzaza.

Dalaivala wa amdgpu, pulogalamu yoyendetsa khadi la AMD, sasankha yekha komwe chinthu chilichonse chikhale, koma amadalira gawo la kernel (mtima wa Linux) lotchedwa TTM, lomwe linachokera ku kampani ya Tungsten Graphics ndipo linalowa mu Linux mu 2009. Kwa TTM malo aakulu ndi awiri: VRAM, yomwe ili pakhadi pomwepo ndipo ndi yothamanga kwambiri, ndi GTT, yomwe ndi RAM wamba ya kompyuta imene khadi limaifikira kudzera mu PCIe, njira yolumikiza khadilo ndi kompyuta yonse. Masewera akamatsegula malo atsopano amapempha memori yowonjezera, ndipo 2 GB ija ikatha, TTM imayamba kutulutsa zina mu VRAM n'kuziika mu GTT, kenako n'kuzibwezanso zikafunika. Kudukiza komwe mukuonako ndi nthawi imene khadi limathera likudikira katundu amene akupita ndi kubwerera m'njira yopapatiza. Kukulitsa GTT, komwe ndi ntchito ya amdgpu.gttsize, sikuwonjezera VRAM ngakhale pang'ono. Kumangopatsa TTM bwalo lalikulu lotayirako zinthu, ndipo pa makina a 8 GB bwalolo mukulilanda kwa mapulogalamu ena onse.

Musanandikhulupirire, yezani nokha, chifukwa muyeso uwu ndi umene ndimayambira ine pa makina aliwonse otere. Mu /sys/class/drm/ muli mafoda a makhadi, monga card0 ndi card1, ndipo la AMD mulidziwa poona kuti mu device mwake muli mafayilo oyamba ndi mem_info. Mafayilo ofunika ndi atatu: mem_info_vram_total, mem_info_vram_used ndi mem_info_gtt_used. Manambala ake ali mu ma byte, choncho khadi la 2 GB lidzaonetsa nambala yoyandikira 2147483648. Tsegulani terminal, muike watch -n1 cat pa mafayilo atatuwo kuti manambala ake azionekera sekondi iliyonse, ndipo muchite zimenezi masewera asanayambe, osati atadukiza kale, pakuti chimene tikufuna si nambala imodzi koma kayendedwe kake. Lembani papepala manambala a poyamba, a pambuyo pa mphindi ziwiri, ndi a pa nthawi yeniyeni imene kudukiza kwayamba. Ngati vram_used ikukwera mpaka kuyandikira vram_total n'kuima pamenepo, ndipo gtt_used n'kuyamba kukwera nthawi yomweyo, nkhani yatha. Musayembekezere kuti vram_used ifika ndendende pa vram_total, chifukwa dalaivala amasungako gawo lina ndipo malo otsala amakhala odukaduka, moti VRAM ikhoza kukana chinthu chachikulu ikuonekabe ngati ili ndi mpata. Musadabwenso mukaona gtt_used ili ndi kanthu kuyambira pachiyambi, pakuti zina zimayenera kukhala mu GTT mwadala. Mafayilowo akasowa pa makhadi onse awiri, ndiye kuti mwina khadi lanu likuyendetsedwa ndi dalaivala wakale wa radeon, ndipo pulogalamu ya radeontop idzakuonetsani zomwezo.

Gawo la GTT lokhalamo mwadala lija likukhudza DRI_PRIME yanuyo. Pa malaputopu ambiri otere sikirini inalumikizidwa ku khadi la Intel lokha, choncho la AMD limajambula koma silingaonetse. Zithunzi zimadutsa pakati pa makhadi awiriwa kudzera mu dma-buf, njira yogawana memori pakati pa madalaivala yomwe inalowa mu Linux 3.3 mu 2012. Khadi la AMD limasanja chithunzi mu VRAM m'njira yakeyake imene la Intel silingawerenge, motero Mesa, pulogalamu yoyendetsa zojambula pa Linux, imakopera chithunzi chilichonse mu RAM wamba chitasanjidwa mzere ndi mzere. Chithunzi chimodzi cha 1920 kwa 1080 chimatenga pafupifupi 8.3 MB, ndipo zithunzi 60 pa sekondi zimakwana pafupifupi 500 MB pa sekondi. Katunduyu payekha si wolemera, koma akudutsa m'njira yomweyo imene TTM ikusamutsiramo zinthu zake.

Apa ndi pomwe kachidutswa kamodzi ka RAM kamandikwiyitsa. Ogulitsa ena amachotsa kachidutswa kachiwiri kuti akagulitse padera, ndipo wogula amangoyang'ana nambala ya 8 GB osafunsa kuti ili m'malo angati. Kachidutswa kamodzi ka DDR4-2400 kamapereka 19.2 GB pa sekondi, pomwe tiwiri tofanana timapereka kuwirikiza kawiri, ndipo memori yomweyo ikulimbiranidwa ndi purosesa, khadi la Intel lomwe lilibe memori yakeyake, zithunzi za PRIME, komanso zonse zimene zatulutsidwa mu VRAM. Ngati m'laputopumo muli malo achiwiri oikamo RAM, gulani kachidutswa kofanana ndi komwe kalimo kukula ndi liwiro lomwe, osati timemori topanda dzina ta mtengo wotsika timene timabweretsa mavuto ena pamwamba pa omwe muli nawo kale.

Kutentha nakonso kumachedwetsa makina pakapita mphindi, koma sindichedwapo. Ngati manambala a memori sakusuntha monga ndafotokozera, pukutani fumbi m'fani.

Muyeso ukatsimikizira kuti VRAM yadzaza, tsitsani kukula kwa ma texture (zithunzi zokutira zinthu) m'masewerawo mpaka vram_used izitsala ndi mpata woonekeratu nthawi yonse, ndipo ngati sizikukwanabe mutsitse kukula kwa chithunzi chonse kuchoka pa 1080 kufika pa 720. Ngati mnzanu uja anaika kale mzere wa gttsize mu GRUB, pulogalamu yoyambitsa Linux, uchotseni ndi kuyambitsanso makina musanayeze, kuti manambala mulembewo akhale a makina monga momwe dalaivala anawakonzera.