Tikayatsa nyale, chithunzi chikuthawa

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ndine mayi wotsogolera kagulu ka zisudzo, tonse ongodzipereka. Tikukonza sewero la nyimbo ndi magule, anthu 22 pasiteji. Tabwereka pulojekita kuti kumbuyo kuzioneka nkhalango, nyanja ndi msewu m'malo mopenta nsalu. Mumdima zithunzi zikuoneka bwino, koma tikangoyatsa nyale zathu zisanu ndi zitatu, chinsalu chikungoti mbee. Tikazimitsa, nkhope za oimba sizikuoneka. Kodi tifune pulojekita yaikulu? Ndine Wothedwa Nzeru.

YANKHO: Mayi, ndalamazo zisungeni kaye. Pulojekitayo ilibe mlandu. Olakwa ndi nyale zanu, ndipo ndikuganiza kuti mwaziika m'munsi, zikuwalira molunjika ngati za galimoto.

Pulojekita siponya mdima. Chakuda chimene mumaona pachithunzi ndi nsalu yomweyo, pamalo pamene sipanafike kuwala. Ndiye kuwala kwina kulikonse kukagwera pansalupo, chakuda chija chimatuwa, chithunzi n'kufa. Ngakhale mutapeza pulojekita yamphamvu kawiri, vutoli lingochepa pang'ono.

Kwezani nyalezo. Mu 1932 Stanley McCandless, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Yale ku America, anafotokoza njira imene ambiri timayambira mpaka lero: gawo lililonse la siteji liwalitsidwe ndi nyale ziwiri zochokera kutsogolo, ina kumanzere ina kumanja, iliyonse itapendekeka madigiri 45 kuchokera m'mwamba. Ina ikhale yachikasu pang'ono, inzake yabuluu pang'ono, kuti nkhope isaoneke yaphwatalala. Ubwino wake kwa inu ndi woti kuwala kotere kukadutsa munthu kumagwera pansi, osati pansalu. Gawani siteji patatu, nyale zisanu ndi imodzi zathera pamenepo. Ziwiri zotsalazo ziikeni m'mbali, imodzi uku imodzi uko, ziziwomba ovina cham'nthiti. Kuwala kwa m'mbali kumaonetsa thupi likamavina, ndipo kumakathera kuseri kwa makatani.

Kenako matani tepi pansi, mamita awiri kuchokera pansalu, muuze aliyense kuti mzerewo ndi malire. Ovina adzaudumpha ndithu, ine sindinaonepo gulu losaudumpha, koma musatope kuwakumbutsa. Ngati pansi pa siteji ndi poyera kapena ponyezimira, yalani chinthu chakuda, chifukwa kuwala kumanjanja n'kukwera pansalu. Nyale imene ikutayabe kuwala itchingeni ndi tizitseko take tachitsulo. Katoni ayi. Nyale yakale ya mawati 1,000 imatentha moti pepala limagwira moto.

Pulojekitayo ipachikeni m'mwamba pafupi ndi nsalu, kapena kuseri ngati malo alipo ndipo nsaluyo imalola kuwala kudutsa. Mukaisiya patebulo pakati pa owonerera, nkhalango idzamera pazipumi za oimba. Dziwaninso kuti pofuna mdima wa ndiweyani, pulojekita imasiyabe chibokosi chotuwa pansalu. Wina akhale ndi chotchingira choti azitsitsa kutsogolo kwa diso la pulojekitayo, osaligunda.

Pa zithunzi zenizenizo ndili ndi mawu. Chaka china ndinaika kanema wa mathithi kumbuyo kwa mtsikana woimba yekha nyimbo yachisoni, ndikudzitama kuti ndagwira ntchito. Holo yonse inkangoyang'ana madzi. Mtsikanayo anaimba ndi mtima wonse, koma potuluka anthu ankandifunsa kumene ndinajambula mathithiwo. Diso la munthu limathamangira choyenda ndi chowala kwambiri. Choncho wina akamaimba yekha, chithunzi chiime ndipo chizirale. Zoyendayenda zisungireni posintha malo a nkhani. Sankhaninso zithunzi zokhala ndi mitundu yolimba. Chifunga ndi thambo lotuwa zimasowa msanga.

Za magetsi, werengetsani musanalumikize. Kumene magetsi ndi a mavoti 230, pulagi ya maampu 13 imanyamula mawati pafupifupi 3,000, kutanthauza nyale zakale zitatu basi, ndipo ine ndimaikapo ziwiri. Ngati zanu ndi za LED, musazilumikize ku dimmer yakale, chipangizo chochepetsera kuwala kwa nyale. Zipatseni moto wachindunji, muzizilamula ndi waya wa DMX, umene umanyamula matchanelo 512 kuchoka nyale ina kupita ina. Chilichonse chopachikidwa pamwamba pa mitu ya anthu chikhale ndi tcheni chachiwiri. Waya wa HDMI, wolumikiza laputopu ndi pulojekita, ukapitirira mamita 15 umayamba kudula chithunzi, ndiye laputopu isatalikire.

Patsikulo, wa nyale ndi wa laputopu asamasinthe aliyense mwa nzeru zake. Lembani manambala a kusintha kulikonse m'buku la sewero, pafupi ndi liwu kapena mzere wa nyimbo pamene kukuchitikira, ndipo munthu mmodzi yekha aziitana. Patulani madzulo amodzi oyeserera zimenezi zokha, oimba atavala zovala zawo, inu mutakhala pampando wakumbuyo kwenikweni. Mukalephera kuona maso a woimba muli pamenepo, chepetsani chithunzi, osati nyale.