Yankho kwa achemwali amene afunsa za nkhani za ma celeb zija

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chani masiku ano ukangotsegula foni nkhani zonse ndi za woyimba uyu banja latha, wosewera mpira uja wagula galimoto, pomwe nkhani zothandiza sizikuoneka, ndiye mwamaliza ndi kuti kodi atolankhani nzeru zinawathera? Ndawerenga makomenti ali pamwambawa, ambiri akungowalalatira atolankhaniwo. Ine ndiwaikira kumbuyo pang'ono. Aulesi alipo ndithu, ongokopera zomwe alemba anzawo n'kusintha mutu basi, koma tisanawaweruze tifunse kaye kuti nkhaniyo akulipira ndani.

Inuyo nkhani ija mwaiwerenga ulere. Munangogula bandulo, ndipo ndalama ya bandulo imapita kwa a netiweki, wolemba nkhaniyo saionako n'komwe. Ndiye iyeyo malipiro ake amachokera kuti? Kwa otsatsa malonda. Ndipo wotsatsa malonda alibe nazo ntchito kuti nkhaniyo inali yanzeru kapena ya miseche, iye amangowerenga kuti padutsa maso angati. Katundu amene akugulitsidwa pamenepo ndi maso anuwo achemwali, nkhaniyo ndi nyambo chabe. Tinafuna nkhani zaulere, tazipeza, walira mvula walira matope.

Komanso musaganize kuti zayamba ndi mafoniwa. Mu 1833 ku New York munthu wina dzina lake Benjamin Day anayambitsa nyuzipepa ya The Sun n'kumaigulitsa senti imodzi pomwe anzake amagulitsa masenti 6, nzeru yake inali yoti anthu agule ambiri kenako phindu lenileni lichokere kwa otsatsa malonda. Patangotha zaka ziwiri, mu 1835, nyuzipepa yomweyo inalemba nkhani zotsatizana zoti katswiri wa zakuthambo John Herschel waona anthu a mapiko ngati mileme pa mwezi. Herschel analidi munthu weniweni, nthawi imeneyo anali ku Cape ku South Africa akuunika nyenyezi zake osadziwa chilichonse. Bodza lamkunkhuniza, koma anthu analimbirana nyuzipepayo ndipo anzawo ena anakopera nkhaniyo. M'ma 1890 eni nyuzipepa awiri, Joseph Pulitzer ndi William Randolph Hearst, anali pa mpikisano woti ndani alembe mutu wodzidzimutsa kuposa mnzake, ndipo chimandiseketsa ine n'choti Pulitzer yemweyo ndi amene dzina lake lili pa mphoto yapamwamba ya atolankhani ku America lero. Kenako mu 1980 kunabwera kanema wa CNN, nkhani usana ndi usiku osapuma. Tangoganizani, maola 24 tsiku lililonse mudzazamo chani? Zofunika zenizeni pa tsiku sizikwana maola onsewo, otsalawo ndi anthu atakhala pa tebulo kumakangana.

Chimene chasintha ndi intaneti ndi ichi. Kale amene amasankha nkhani yoti ikhale pa tsamba loyamba anali mkonzi, munthu woti ali ndi dzina, amachita manyazi, ukhoza kumulembera kalata yodandaula. Pano amasankha ndi algorithm, kapulogalamu koti sikadziwa manyazi. Facebook inayambitsa News Feed mu 2006, ndipo kuyambira pamenepo mapulogalamu onsewa, TikTok, Instagram, YouTube, amagwira ntchito mofananako: amaona kuti chala chanu chaima pati, mwaonera vidiyo masekondi angati, mwalemba komenti pati, mwasheya chani, kenako amakubweretserani zina zangati zomwezo kuti musachoke. Ndalama za otsatsa zambiri zomwe kale zimapita ku nyuzipepa zinathawira kwa Google ndi Facebook, ndiye nyumba zofalitsa nkhani zimachita kuvina nyimbo ya algorithm kuti zipezeko kotsala.

Pali chinthu chimodzi anthu ambiri mu gulu muno sadziwa. Mukalowa pa positi n'kulemba kuti "nkhani zopusa izi, atolankhani ake ati amenewa", inuyo mukuona ngati mwawakhaulitsa, koma kwa algorithm komenti ndi komenti. Mwaikweza positiyo. Zikalata za mkati mwa Facebook zomwe Frances Haugen, amene anagwirako ntchito kumeneko, anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti kuyambira 2017 ka emoji kalikonse, kuphatikizapo ka nkhope yokwiya kaja, kamawerengedwa kasanu kuposa layiki wamba. Anadzasintha pambuyo pake, koma mukuona nokha kuti mkwiyo wathu unali ndi mtengo wake.

Ine ndinazionera pafupi. Nthawi ina ndimathandiza mnzanga kuyendetsa peji ya nkhani, yaing'ono chabe. Mtsikana wina amene timagwira naye anatha masiku atatu pa nkhani ya mmene ndalama zogulira mabuku a ana asukulu zinayendera, kuimba mafoni, kudikira pa benchi panja pa ofesi ya munthu mpaka madzulo, kuwerenga mapepala odzaza manambala mpaka maso kufiira. Titaiika, malayiki ake mumatha kuwawerenga ndi zala, komenti imodzi yokha, ya achimwene ake. Usiku womwewo mnzanga uja anangotenga chithunzi cha anthu awiri otchuka atakhala motalikirana pa mwambo wina, n'kulemba pamwamba kuti "Kwagwanji apa?" Ntchito ya mphindi zosakwana khumi. Foni yake inachita kutentha ndi ma notification mpaka anaizimitsa kuti agone. M'mawa mwake palibe amene anayankhula, mtsikana uja anangoyang'ana manambalawo n'kutseka laputopu. Inuyo mukanakhala mwini pejiyo, muli ndi anthu oti muwalipire mwezi ukatha, mawa lake mukanatuma nkhani yanji?

Ndiye pepani achemwali, ndinena mosapsatira koma mwaulemu: zimene foni yanu ikukuonetsani zikufotokozanso za chala chanucho. Tengani foni ya munthu wina wa pakhomo panu muone, mupeza dziko lina. Yanga ine ndi mpira wokhawokha, mpaka ndimadabwa kuti kodi padziko pano palibenso china chikuchitika, chonsecho ndinaiphunzitsa ndekha.

Koma apa ndisiyane pang'ono ndi amene akuti nkhani za anthu otchuka zonse ndi zinyalala. Mu October 2017 nyuzipepa ya New York Times inatulutsa nkhani ya amayi amene amadandaula za nkhanza zomwe Harvey Weinstein, mkulu wa zamafilimu ku Hollywood, amawachitira. Pongoiona inali nkhani ya ma celeb, koma ndi imene inakoleza moto wa #MeToo, amayi m'maiko ambiri anayamba kuyankhula zomwe amakumana nazo kuntchito. Ndipo foni yomweyi timaidandaulayi ndi imene mtsikana wa zaka 17, Darnella Frazier, anajambulira imfa ya George Floyd, bambo wachikuda amene anaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis ku America mu 2020, vidiyo imene inagwedeza dziko lonse. Komanso munthu ukaweruka watopa, kufuna kuseka pang'ono si tchimo ayi.

Chimene chimandiopsa ine kuposa miseche ndi bodza, chifukwa limayenda njira yomweyo. Akatswiri a pa yunivesite ya MIT ku America anatulutsa kafukufuku mu 2018 ataunika nkhani pafupifupi 126,000 zomwe zinafala pa Twitter, anapeza kuti nkhani yoona imatenga nthawi yochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa yabodza kuti ifike kwa anthu 1,500. Ndipo ofalitsa kwambiri anali anthu enieni ngati ife, osati ma bot, timapulogalamu tonamizira kukhala anthu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, bodza wolemba amalikonza kuti likome, pomwe choonadi chimabwera mmene chilili, nthawi zina chosakoma n'komwe. Mu 2016 anyamata a m'tauni ya Veles ku Macedonia amalemba nkhani zopeka za chisankho cha ku America, dziko loti si lawo, cholinga chawo ndalama za otsatsa basi. Pano ndiye kwabwera AI, mukukumbuka chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma chija mu March 2023? Chinali chopanga pa kompyuta ndipo anthu ophunzira bwino anachisheya ali ndi chikhulupiriro chonse. Ineyo ndinali m'gulu la opusitsidwawo, sindibisa.

Za WhatsApp ndiye musanene. Eni akewo anafika poika malire mu 2019 kuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo uthenga ukayenda kwambiri umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba. Azakhali anga amanditumizira ma voice note a munthu wosatchula dzina lake, wongoyamba ndi "abale anga ndangomva kumene kwa munthu wamkati", ndikawafunsa kuti akuyankhulayu ndani amati kaya, anditumiziranso ena. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinawaonetsa timivi tija tsiku lina, pano akaona amayamba andifunsa kaye asanatumize ku gulu la kutchalitchi.

Ngati mukufunadi kuti foni yanu isinthe, njira ilipo ndipo siyovuta. Positi ikakunyansani musalembepo kanthu, dinani timadontho titatu tija musankhe kuti simukufuna kuona zoterozo. Sankhani nyumba zofalitsa nkhani ziwiri kapena zitatu zomwe zikalakwitsa zimavomera poyera n'kukonza, muzilowa pa tsamba lawo mwachindunji osadikira kuti algorithm ikubweretsereni. Nkhani yabwino mukaipeza iwerengeni mpaka kumapeto, isheyeni, ikani komenti, chifukwa mtolankhani ngati mtsikana ndanena uja akakhala pa msonkhano ndi bwana wake chomuteteza ndi manambala omwewo. Chithunzi chikakukayikitsani chiponyeni pa Google Lens, kapulogalamu kofufuzira zithunzi, kawirikawiri mupeza kuti ndi cha zaka zapitazo kapena cha dziko lina, ndipo muziyang'ananso deti la nkhani chifukwa anthu amakonda kufukula zakale n'kuziika ngati zachitika lero. Kulinso mabungwe ngati Africa Check, amene anayamba mu 2012 ku Johannesburg, ntchito yawo ndi kufufuza ngati zomwe zikufalazo ndi zoona.

Kwa akulu amene alemba pamwambapa kuti boma lingotseka mapeji onse a misechewa, ine ndiye ayi. Mukapereka kiyi ameneyo kwa andale, woyamba kutsekedwa sakhala wa "Kwagwanji apa?" uja, amayambira kwa amene akufunsa za ndalama za mabuku.

Achemwali tayesani zimenezi kwa masabata awiri okha, osadina nkhani ya banja la munthu ngakhale mutu wake ukome bwanji, kenako mudzabwere pa positi yomweyi mudzatiuze kuti foni yanu ikukuonetsani chani.