Kamera ikakulozani kuti ndinu wakuba

Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku UK, tsiku lina mukuyenda mu London mudzaona galimoto ya apolisi itaima pamalo podutsa anthu ambiri, makamera ali padenga pake, chikwangwani chili pambali. Apolisi a mumzindawu anayamba kugwiritsa ntchito makamera amenewa mu 2020. Amajambula nkhope ya aliyense wodutsa, kompyuta n'kumaifananitsa ndi zithunzi za anthu amene akufunidwa. Ikati mwafanana ndi wina, wapolisi amakuimitsani.

Makina a AI amenewa, kutanthauza makompyuta otsanzira nzeru za munthu, sakudziwani. Amangoyeza maonekedwe a nkhope n'kupereka nambala yosonyeza kufanana. Chithunzi chikakhala chamdima, chosaoneka bwino kapena chojambulidwa cham'mbali, amasochera. Ndipo ife akhungu lakuda ndi amene tili pamoto kwambiri. Mu 2019 bungwe la boma la America lotchedwa NIST linayesa mapulogalamu oposa 180, ndipo linapeza kuti ambiri amasokoneza nkhope za anthu akuda ndi a ku Asia kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100 kuposa za azungu. Apolisi amati makina a masiku ano ndi abwinopo. Ine sindikana, koma abwinopo amalakwabe.

Nkhani imene imandiwawa mtima ndi ya Robert Williams wa ku Michigan, ku America. Mu January 2020 apolisi a ku Detroit anamumanga pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake awiri aakazi akuona, pa mlandu woba mawotchi m'sitolo. Anakhala m'chitokosi maola 30. Pomufunsa mafunso anamuikira patebulo chithunzi chochokera pa kamera ya m'sitolomo. Iye anachinyamula n'kuchiika pafupi ndi nkhope yake kuti aone okha: sanali iye. Mu 2023, mumzinda womwewo, anamanga Porcha Woodruff pa mlandu wolanda galimoto, ali ndi pakati pa miyezi 8. Kompyuta inangoloza, anthu n'kukhulupirira osafufuza.

Ndiye zikakugwerani, musathawe, musakokane ndi wapolisi, ngakhale mtima ukuwira chifukwa mukudziwa kuti simunalakwe. Funsani modekha chifukwa chimene akuimitsirani, ndiponso ngati muli omasuka kupita. Nthawi zambiri chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu chimathetsa nkhani pomwepo. Akakutengerani ku polisi, kuno muli ndi ufulu wa loya waulere, ndi womasulira ngati Chingerezi chikukuvutani. Pemphani zonse ziwiri musanayankhe mafunso, ndipo musasaine pepala limene simunalimvetse.

China chimene ambiri timachinyozera: sungani zosonyeza kumene munali. Ndandanda ya mashifiti a kuntchito, malisiti, mbiri ya maulendo pa khadi la Oyster lolipirira basi ndi sitima mu London. Ine mwezi ukatha ndimajambula ndandanda yanga ya kuntchito n'kuitumiza ku imelo yanga, kuti foni ikatayika ndiipezebe.