Mwana wanga amuyambitsa abacavir osamuyeza chibadwa, ndimusiyitse?

Mayi wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu wanditumizira imelo. Mwana wake wamuyambitsa ma ARV okhala ndi abacavir, ndiye mlongo wake amene ali ku London wamuopseza kuti kumeneko sapereka mankhwalawa asanayeze magazi kuti aone chibadwa cha munthu. Akufunsa ngati kuli bwino ayambe wamusiyitsa.

Mayi, musamusiyitse. Koma achimwene anuwo sananame.

Anthu ena amabadwa ndi chizindikiro chotchedwa HLA-B*57:01, choyamwira kwa makolo. Oterewa akamwa abacavir, chitetezo cha m'thupi chimawaukira mankhwalawo ngati mdani. Kafukufuku wa PREDICT-1, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2008, adaonetsa kuti kuyeza kaye kumapewetsa vutoli, ndipo mayiko a ku Ulaya ndi America adayamba kutero. Chifukwa chake n'chomveka: mwa azungu 100 alionse, pafupifupi 5 mpaka 8 ali nacho chizindikirochi.

Kwa ife n'chosowa kwambiri. Pa kafukufuku wa ARROW ku Uganda ndi Zimbabwe, ana oposa 1,000 adamwa abacavir osayezedwa chibadwa, ndipo 4 okha ndi amene adaganiziridwa kuti mankhwalawo awayipira. N'chifukwa chake zipatala zathu sizidikira kuyezako.

Izi sizikutanthauza kuti chibadwa chathu chilibe nkhani yake. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2013 adapeza kuti chizindikiro china, HLA-C*04:01, chimagwirizana ndi kusupuka khungu koopsa mwa Amalawi omwe ankamwa ma ARV a nevirapine. Efavirenz, mtundu wina wa ma ARV, nayenso amachedwa kuchoka m'thupi mwa anthu ambiri akuda, ndiye gwero la chizungulire ndi maloto oipa aja ambiri ankadandaula tisanasamukire ku ma ARV a dolutegravir mu 2019. Zimandipweteka kuti kuyeza kumene kudafala padziko ndi kokhudza matupi a ena. Ndikulakalaka kwathu kuno kutakhalanso kuyeza kolingana ndi ife.

Tsono ntchito yanu ili m'masabata 6 oyambirira, chifukwa vutoli limabwera nthawi imeneyi. Muyang'anitsitseni mwanayo. Akatentha thupi pamodzi ndi zidzolo, kusanza, kutsegula m'mimba, kufooka, chifuwa kapena kubanika, makamaka zizindikiro ziwiri kapena zingapo zikabwerera limodzi n'kumakula akangomwa mankhwala, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musati ndi malungo chabe kapena chimfine cha kuzizira kwathu kuno n'kukagula Panado pagolosale. Muwauze adokotala tsiku limene adayamba abacavir, ndipo mutchulenso ngati akumwa Bactrim, pakuti nayenso amatulutsa zidzolo.

Adokotala akanena kuti ndi abacavir wamuyipira, aumirizeni alembe m'kabuku kake ka kuchipatala. Mwana ameneyo asadzamwenso abacavir moyo wake wonse, ngakhale mbulu umodzi, chifukwa kubwereza kumatha kugwetsa kuthamanga kwa magazi m'maola ochepa mpaka kupha. Mankhwala ena olowa m'malo alipo, ndipo amusinthira.