Mleme wakanda mwana wanga, kodi ndide nkhawa ndi chiwewe?

Funso: Adokotala, Lachiwiri lapitali mwana wanga wa zaka 8 anatola mleme umene unagwa kuchokera kudenga masanasana. Unamukanda pachala, koma kabalako n'kakang'ono ndipo magazi sanatuluke. Ndiye pa WhatsApp ndaona uthenga woti asayansi apeza tizilombo tatsopano ta chiwewe m'mileme. Kodi ndi zoona? Ndichite chiyani? Ndine mayi wa ku Mchinji.

Yankho: Mayi, tengani mwanayo mupite naye kuchipatala lero lomwe, mukawauze kuti wakandidwa ndi mleme ndipo akufunika katemera wa chiwewe. Musanyengedwe ndi kuchepa kwa bala. Mano ndi zikhadabo za mleme ndi zosongoka ngati singano, moti munthu amatha kulumidwa osaona pomwe walumidwa. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika kukandidwa kapena kulumidwa ndi mleme m'gulu loopsa kwambiri, lofunika katemera komanso jakisoni wina wotchedwa immunoglobulin amene amabayidwa pabala penipenipo. Chinanso chondidetsa nkhawa n'chakuti mlemewo unagwa masana. Mleme wabwinobwino sulola kuti mwana autole.

Uthenga mwaonawo uli ndi zoona zake. Kachilombo ka chiwewe kali ndi abale ake oposa khumi ndi asanu, onse a mtundu wotchedwa lyssavirus, ndipo ambiri amakhala m'mileme. Koma mawu akuti "tatsopano" asakusokonezeni. Tizilomboti takhalapo kuyambira kalekale, kungoti masiku ano zipangizo zoyezera zapita patsogolo. Kachilombo kotchedwa Lagos anakapeza mu 1956 ku Nigeria, mu mleme wodya zipatso, wa mtundu womwe uja umasonkhana miyandamiyanda kunkhalango ya Kasanka ku Zambia chakumapeto kwa chaka. Ka Shimoni kanapezeka ku Kenya mu 2009, ndipo chaka chomwecho ku Serengeti, ku Tanzania, anapezako ka Ikoma, ngakhale kameneka kanali mu fungwe. Zaka zaposachedwa apezanso kena ku South Africa kotchedwa Matlo.

Kamene ine ndimakaganizira kwambiri ndi ka Duvenhage. Kanadziwika mu 1970 bambo wina wa ku South Africa atamwalira atalumidwa ndi mleme. Mu 2006 kanaphanso munthu m'dziko lomwelo. Mu 2007 mayi wina wa ku Netherlands anakandidwa ndi mleme kumaso ali ku Kenya, ndipo anakamwalira atabwerera kwawo. Taonani, kunali kungokandidwa chabe, ngati mwana wanuyu.

Matenda ake sasiyana ndi chiwewe cha galu. Kachilombo kamalowa ndi malovu, n'kumakwera pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera kuubongo. Ulendowu nthawi zambiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo nthawi yonseyi mwana amasewera, amadya, alibe vuto. Mpata wa katemera ndi umenewu. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuyabwa kapena dzanzi pabala, kusokonezeka mutu ndi kuopa madzi, ife madokotala sitingathenso kumupulumutsa.

Sindikubisirani kanthu: katemera amene tili nayeyu anapangidwira chiwewe chenicheni. Amatetezanso ku Duvenhage ndi tizilombo tina tofanana nako kwambiri, koma ku Lagos, Shimoni ndi Ikoma mphamvu yake ndi yochepa kapena palibiretu. Poti sitingadziwe kuti mlemewo unali ndi kachilombo kati, timabayabe. Mukayamba, mumalize majakisoni onse pa masiku amene akulembereni. Mukapeza kuti kuchipatala chaching'ono katemera watha, musabwerere kunyumba, pitirirani ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu.

Zikadzachitikanso, tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathirapo mchere, tsabola kapena mankhwala azitsamba. Mleme wakufa muzichotsa ndi fosholo. Zitosi ndi mkodzo wake sizipatsira chiwewe, ngakhale fumbi la zitosi zowunjikana limatha kudwalitsa mapapo. Ndipo chonde musayambe nkhondo yopha mileme, chifukwa pogwiragwira m'pamene anthu amalumidwa. Dikirani ituluke madzulo, kenako mutseke mabowo a kudenga.

Kodi galu wa pakhomopo anabayitsa chaka chino? Ndafunsa chifukwa mwa anthu pafupifupi 59,000 amene amafa ndi chiwewe chaka chilichonse padziko lapansi, pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Pochokera kuchipatala mudzere kwa alangizi a ziweto.