Wotchi inanjenjemera ndudu ili kale pakamwa

Achimwene, mwafunsa ngati app ndi wotchi zimathandiza munthu kusiya fodya; zonsezo ndinagwiritsapo ntchito, ndipo nditangowerenga uthenga wanu mtima wabwerera ku usiku wina umene sindifuna kuukumbukira. Ndilemba mmene zikubwereramu, mundikhululukire ngati ndikudumphadumpha.

Ndinasuta zaka 14. Ndudu yoyamba ndinkayatsa ndisanasambe n'kumaso komwe. Nditaganiza zosiya ndinaika app yowerenga masiku ija, imene imakuuza kuti wapewa ndudu zingati komanso wasunga ndalama zingati. Ndinagulanso wotchi ya pamkono yokhala ndi tizipangizo tomva kayendedwe ka dzanja, moti dzanja likamakwera kukamwa n'kutsika mobwerezabwereza, imanjenjemera. Masiku atatu oyambirira ndinavutika zedi, tulo osabwera, mutu ukupweteka, kupsa mtima ndi aliyense. App inandigwira dzanja, sindinama. Inkandikumbutsa kuti chibaba chimatenga mphindi zochepa chabe, zitatu mpaka zisanu, kenako chimaphwa, ndiye ndinkadina batani n'kumapuma motsatira kabwalo komwe kamakula n'kuchepa pa sikirini. Inandiuzanso kuti pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide umatsika m'magazi kufika pamlingo wa munthu wosasuta. Pa wotchi ndinkaona ndekha kugunda kwa mtima kukutsika sabata ndi sabata. Ndinafika masiku 53.

Usiku wa tsiku la 53 mwana wanga wazaka zinayi anatentha thupi mpaka kukomoka. Tinathamangira naye kuchipatala cha m'ma 11 koloko. Ndinamugwira miyendo pamene anamwino ankafunafuna mtsempha pakadzanja kake, kubaya koyamba osaupeza, kachiwiri osaupeza, mwana akungotembenuza maso osalira n'komwe. Atamuika dilipi anati m'chipindamo mutsale kholo limodzi. Anatsala mayi ake. Ine ndinatuluka panja n'kukhala pakakhoma pafupi ndi pomwe amaimika magalimoto, manja akunjenjemera, kukhosi kouma gwa. Chibaba chimene chinandigwira pamenepo sichinali cha mphindi zisanu. Chinkatha n'kubweranso, kutha n'kubweranso. Ndinatulutsa foni kuti nditsegule app ija, foni yatha moto. Tchaja ndinaiwala kunyumba.

Ndiye akubwera alamu anga, amene anatiperekeza pagalimoto yawo. Munthu ameneyu ankadziwa zonse. Ndinawaonetsapo ndekha nambala ya masiku pafoni ili pa 30, iwo n'kuseka kuti tione ngati mufike miyezi iwiri. Anakhala pambali panga, kuyatsa yawo, utsi kundiuzira kumaso. Ndinasuntha pang'ono. Iwo n'kutambasula paketi, "Alamu, imodzi yokha, mtima ukhale m'malo. Kafoni kanu kazima, akuonani ndani?" Ndinakana kamodzi. Kachiwiri sindinakane. Ndikukumbukira fungo la machesi, ndikukumbukira mutu kuzungulira, pajatu chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi 20 osakwana. Nditakoka kachinayi kapena kachisanu, wotchi inayamba kunjenjemera pamkono, yalemba kuti zikuoneka kuti mukusuta. Ndinaiyang'ana misozi ikutsika, mwana wanga ali pa dilipi kuseri kwa khoma lomwelo, ine ndikumeza utsi. Ndinavula wotchiyo n'kuiponya m'thumba. Pofika m'bandakucha ndinali nditasuta zisanu ndi imodzi, zonse za m'paketi ya alamu.

Mpaka lero zimandiwawa. Munthu ukuona mnzako wafooka, mwana wake ali pakati pa moyo ndi imfa, iwe n'kusankha nthawi imeneyo kuti uonetse kuti unalosera zoona? Akanandigulira madzi. Akanangokhala chete pambali panga. Akanapita kukasutira kutali. Ndipo patapita masiku anakauza abale kuti mwaona, ndinanena ine kuti sangathe.

Enanso amene anandipweteka ndi anthu opanga app ija, dzina sinditchula. Mwana atayamba kupeza bwino ndinatchaja foni, ndinalemba chilungamo kuti ndasuta. Nthawi yomweyo 53 uja anafufutika, pakubwera 0. Zizindikiro zonse zondiyamikira zinachoka. Pansi pake panatuluka uthenga woti ngati ndikufuna kuona mbiri yanga yakale kapena kulankhula ndi mlangizi, ndilipire kaye. Tsiku limene ndinkafunika thandizo kuposa masiku onse ndi limene anandiitanitsa ndalama. Nditaona 0 uja ndinati basi, zonse zapita, ndipo ndinasuta miyezi ina itatu kuposa mmene ndinkasutira kale. Chonsecho mapapo anga anali atapuma masiku 53, zimenezo sizinafufutike. Inafufutika ndi nambala yokha, koma ine ndinakhulupirira nambalayo.

Ulendo wachiwiri ndinapita kwa dokotala. Anandipatsa zomata pakhungu za chikonga ndi chingamu chake chotafuna chibaba chikavuta, n'kundiuza kuti anthu ambiri amayesa kangapo asanasiyiretu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo, m'malangizo omwe linatulutsa mu July 2024, linati mankhwala monga varenicline, cytisine, bupropion ndi zolowa m'malo mwa chikongazi amagwira bwino akaphatikizidwa ndi uphungu, ndipo mauthenga a pafoni ndi ma app ndi zowonjezera pamwamba pa zimenezo. Ine ndinali nditayamba ndi chowonjezeracho n'kusiya zenizenizo.

Komabe ikani app, achimwene, ikani lero lomwe. Ndikudziwa kuti ndangoidandaula, koma pa masiku wamba, pamene palibe wina woti mumuuze kuti zavuta, kabatani kaja kamathandiza. Musanaizolowere muyese kaye: lembani ngati mwasuta imodzi muone zimene ichite. Ikafufuta zonse, ichotseni, mupeze ina imene imalemba kuti munaterereka tsiku lakuti koma masiku enawo n'kuwasunga. Muone ngati zinthu zofunika zimagwira popanda intaneti komanso popanda kulipira. Muwerengenso kuti zimene mukulembamo amazipereka kwa ndani, poti ndi nkhani za thanzi lanu. Ndipo muzilembamo nthawi ndi malo pamene chibaba chakugwirani; ine ndinadabwa kupeza kuti changa chinkabwera kwambiri ndikangomaliza kudya ndiponso ndikakangana ndi munthu pafoni.

Za wotchi, musawononge ndalama ngati mulibe. Yanga inkanjenjemera ndikutsuka mano, nthawi zina ndikumwa madzi, ndipo pamene zinali zenizeni inalira ndudu ili kale pakamwa. Akatswiri a pa University of Bristol ku England akhala akuyesa wotchi yotere kuti izitumiza mawu olimbikitsa nthawi imene munthu wayamba kuterereka, ndipo mwina zimenezo n'zabwinopo kusiyana ndi kungouzidwa kuti ukusuta. Koma ngati muli nayo kale, valani, musaivule ngati ine. Ndikanaisiya pamkono usiku uja mwina ndikanathera pa imodzi.

Muuze munthu mmodzi amene angadzuke pakati pa usiku mukamuimbira, ndipo nambala yake muiloweze pamtima, osangoisunga m'foni. Anzanu osuta muwauze mosapita m'mbali kuti asadzakupatseni ngakhale mutawapempha mukulira. Amene waseka mukamanena zimenezo, mutalikirane naye miyezi yoyambayi. Alamu anga sindinakwerenso galimoto yawo.

Nambala ya masiku ya pa app ija musaiike kumtima. Ngakhale ine ndimaiona m'mawa uliwonse ndisanadzuke pabedi, lero yalemba 517, ndipo tchaja sichichokanso m'chikwama changa.